Dzina Limene Madamu Ankafuna

Kalekale, koma osati kale la makolo ayi, kale la dzanadzanali loti ena mwa inu mungalikumbuke, ku Lunzu kunali mayi wina dzina lake Tiyanjane. Kwawo kunali ku Ntcheu, ndipo anakula akuona matimati akuwolera m'mbali mwa msewu. Nyengo yake ikakwana, amayi ankaunjika milu yofiira kuyambira m'mamawa, magalimoto n'kumangodutsa, ndipo pofika madzulo otsalawo ankawakhuthulira m'ngalande kuti asalemedwe nawo pobwerera kumudzi. Chinthu chimenechi chinamukhala pamtima mpaka kukula. Atagwira ntchito m'tauni zaka zingapo anaisiya, n'kuchita lendi shedi, n'kugula makina ophikira msuzi wa matimati ndi kuutsekera m'mabotolo. Kampani yake inayamba choncho.

Sanali yekha. Anali ndi anthu atatu, ndipo aliyense anali ndi kagawo kake m'kampanimo, poti malipiro enieni panalibe.

Woyamba anali Elube, mnzake wa kusekondale, munthu wa pakamwa potsekemera woti akhoza kukugulitsa bulangete mu Okutobala. Anasiya ntchito yabwino m'sitolo yaikulu ku Limbe kuti aziyenda m'magolosale kutsatsa msuziwo. Mwamuna wake sanakondwe nazo, ndipo pakudya ankakonda kufunsa ngati matimati aja ayamba kubereka malata.

Wachiwiri anali achimwene ake a Tiyanjane, a Zakeyu, dalaivala amene mowa unawachotsetsa ntchito kangapo konse. Panalibenso wofuna kuwakhulupirira, kufikira mlongo wawo atawapatsa kapikapu kakale kokatengera matimati kumudzi. Chiyambire ntchito imeneyo, mowa sanaulawenso.

Wachitatu anali Anagama, mayi wachikulire wamasiye, amene abale a malemu amuna awo anawalanda munda ndi nyumba yomwe. Iwo ndiwo ankadziwa mchere wokwanira ndi nthawi yophula msuzi. Ankagona m'kachipinda kuseri kwa shedi, ndipo m'mawa uliwonse anzawo ankapeza pakhomo posesa kale.

Chaka choyamba zinthu zinkayenda ngati mwana wongoyamba kuyenda, kugwa ndi kudzuka. Kenaka tsiku lina mota ya makina inatulutsa utsi n'kukhala chete. Mmisiri atabwera anainunkhiza n'kupukusa mutu. Anati yapsa, ndipo ina yotero ndi yoitanitsa kunja. Mtengo umene anatchula, Tiyanjane sanaubwereze kwa anzakewo. Anangowauza kuti pakufunika mpamba watsopano, apo ayi kampani yafa.

Ndiye anayamba kuyenda m'misonkhano. Amene simunapiteko, ndikuuzeni mmene imakhalira. Imachitikira m'mahotela, m'zipinda zozizira ngati m'firiji. Eni mabizinesi ang'onoang'ono amakhala pamzere, aliyense n'kupatsidwa mphindi zochepa zoti anene maloto ake pamaso pa anthu a ndalama. Ukatha amakuombera m'manja. Kenaka mumaimirira kapu ya tiyi ili m'manja, kumapatsana timakadi ta maina ndi manambala a foni, wokulankhulayo maso ali kuseri kwa phewa lako kufuna wina wofunika kuposa iwe. Mawu otsanzikirana amakhala amodzi: tikuimbirani. Tiyanjane anadikira mafoni amenewo mpaka anayamba kumva foni ikulira pomwe sinalire. Chimene ankabwerako nacho kumisonkhanoko ndi masamusa okulunga m'kapepala, opita kwa Anagama. Mayi wina woperekera zakudya anamuona tsiku lina akuwabisa m'chikwama. Podutsanso anasiya ena pambali pa mbale yake, okulunga kale.

Elube ndiye anatulukira kumene mpamba umagona. Anati kuhotela anthu amangoonetsa nkhope, koma nkhani zenizeni zimapsa pabwalo la masewera. Mumzinda wa Blantyre munali amayi ena odziwika, a Mtambalika, amene onse ankangowatchula kuti Madamu. Iwo pamodzi ndi anzawo ankaika mpamba m'makampani ang'onoang'ono a amayi, n'kumagawana nawo phindu. Loweruka lililonse m'mawa Madamu ankasewera ntchemberembaye, mpira wa manja uja, pamodzi ndi amayi a m'maofesi. Unali mpira wongochotsa mafuta m'thupi, wopanda chikho. Elube anadziwana ndi mmodzi wa osewerawo, ndipo anachonderera mpaka malo awiri anapezeka.

Koma pabwalopo panali mwambo wake, ndipo Elube anaubwereza mpaka makutu a Tiyanjane kuwawa. Pabwalo sapemphapo. Madamu ankati sabata yonse amaona zikhatho zotambasula, ndiye Loweruka amafuna kuona manja owakha mpira basi. Mayi wina amene anawagwira pachipata n'kuyamba kufotokoza za bizinesi yake sanaitanidwenso. Umasewera, umaseka, umadikira kuti akukonde, ndipo akakukonda amaiyamba okha nkhaniyo. Pamwamba pa mwambowo Elube anawonjezapo nzeru yakeyake. Anati ndalama imakonda kupita kumene kuli inzake, ndipo palibe amathirira mtengo wouma. Choncho za makina akufa zisamveke.

Loweruka loyamba anapita pa minibasi, n'kuyenda wapansi mtunda wotsalawo. Anafika fumbi lili m'miyendo, pamene anzawo ankatsika m'magalimoto onunkhira. Palibe ananena choipa, koma maso amalankhula. Popeza Tiyanjane anali wamtali, ndipo kusukulu ankasewera kumbuyo, anamuika kuti azitchinga Madamu, amene malo awo anali ogoletsa. Iye, pokumbukira chimene anadzera, ankangokweza manja mwaulemu n'kuwasiya aponye.

Madamu anagoletsa kangapo, kenaka anaika mpira m'khwapa n'kumuyang'ana.

"Inu a ku Ntcheu, mukunditchinga kapena mukundiperekeza?"

Bwalo lonse linafa ndi phwete. Wina anati amusiye mwana wa eni, mwina kwawoko amatchinga ndi mapemphero. Tiyanjane magazi anatentha. Mpira wotsatira anauthyola m'mwamba Madamu asanaukhudze, wina n'kuuthyolanso, ndipo pamapeto pake Madamu, ali wefuwefu, anamugwira dzanja n'kunena kuti ameneyu asamasowe. Sanali munthu woipa, Madamu. Ankabwera ndi thumba la malalanje n'kumasenda okha, ndipo wina akabinya bondo ankagwada pasimenti n'kumumanga ndi manja awo.

Tsopano mverani zimene anthu atatu aja anachita, aliyense mwa chikondi chake.

A Zakeyu anamva za fumbi la m'miyendo. Kapikapu kaja sakanapita nako kumalo otero, poti kanali kophwanyika nkhope ndiponso konunkha matimati owola. M'mawa mwake anapita kwa bambo wina wogulitsa magalimoto m'mbali mwa msewu, n'kupangana naye kuti azimutsukira magalimoto onse sabata yathunthu, malipiro ake n'kukhala kubwereka imodzi Loweruka m'mawa. Munthu wa imvi, wa msana wovutavuta, anayamba kuwerama ndi ndowa tsiku ndi tsiku. Loweruka anavala shati yoyera n'kuimika galimoto yonyezimira pakhomo pa mlongo wawo. Tiyanjane atafuna kukhala kutsogolo anamukaniza.

"Kumbuyo, achemwali. Mabwana sakhala pafupi ndi giya."

Atafika pabwalo anatsika msanga n'kukamutsegulira chitseko, chipewa chili m'manja. Tiyanjane anachita manyazi, koma anaona kuti maso a amayi aja asintha.

Madamu atamva kuti wowatchinga uja amapanga msuzi, anapempha kuti aulawe. M'shedi munalibe ngakhale botolo limodzi lodzaza. Anagama anati zimenezo awasiyire iwo. Anakachapa zovala za anthu, n'kugula dengu la matimati pamsika, n'kukoleza mbaula kuseri kwa shedi. Msuzi umene makina ankauphika kanthawi kochepa, iwo anautakasa ndi mthiko kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ukubwata n'kumawalumphira m'mikono. Anawiritsa mabotolo, anawatseka ndi manja, n'kumatapo mapepala a dzina la kampani amene anali atatsala. Madamu analawa, anagawirako anzawo, ndipo kuyambira pamenepo Loweruka lililonse ankafunsa za mabotolo. Loweruka lililonse mabotolo ankapezeka. Mikono ya Anagama inadzaza timabala, ndipo ankavala juzi ngakhale kutenthe kuti Tiyanjane asaone.

Elube nayenso tsiku lake linafika. Miyezi inali itapitapo. Tiyanjane anali atalizolowera bwalo. Kunena zoona, ndi pokhapo pamene ankaiwala za makina, ndipo pobwerera ankadziimba mlandu kuti wasekeranji. Koma kudikira kunali kutamudya. A m'magolosale anali atasiya kufunsa za msuzi, ndipo mwini shedi anali atayamba kubwera ndi anthu odzaiona. Loweruka lina atatha kusewera, onse atakhala pabenchi akudya malalanje, Madamu anatembenuka n'kumufunsa okha mmene bizinesi ikuyendera. Funso limene anadzera linali lomweli. Tiyanjane anatsegula pakamwa kuti anene zonse. Koma Elube anaona nkhope ya mnzakeyo, anaona kuti misozi ili pafupi, ndipo anachita mantha kuti miyezi yonse ija ithera m'kulira pamaso pa anthu.

"Ikuyenda kwabasi, Madamu," anatero Elube. "Maoda akutichulukira. Makina sakupuma."

Madamu anamwetulira n'kunena kuti zimenezo n'zosangalatsa, chifukwa ena onse amabwera kwa iwo akulira. Tiyanjane anatseka pakamwa. Akanatha kutsutsa pomwepo, koma kutsutsako kunali kumuvula mnzake pagulu. Anangoweramira lalanje lake.

Koma chophikira kuseri chimanunkha. Lachitatu lina masana, popanda kutumiza mawu, Madamu anatulukira ku Lunzu pamodzi ndi anzawo oika nawo mpamba, ena mwa iwo alendo ochokera kunja. Anali atawauza kuti akufuna kuwaonetsa kampani ya amayi yoima payokha, yosapempha, yoyenera kuikuza. Anafunsa njira mpaka anafika.

Anapeza makina atafunditsidwa chitenje, fumbi lili pamwamba. Kapikapu kanali pamiyala, nkhuku itaikira pampando wa dalaivala. Kuseri kunkafuka utsi, ndipo atazungulira anapeza Anagama akutakasa mumphika, Tiyanjane atakhala pansi akutsuka mabotolo akale m'beseni. Posakhalitsa a Zakeyu anatulukira kudzadya, buluku litanyowa mpaka m'maondo, ndowa ili m'manja. Madamu anawazindikira kuti ndi dalaivala wa shati yoyera uja.

Panalibe wokalipa. Anagama, posowa chochita, anapukuta manja, anatulutsa mipando yomwe inalipo, n'kugwada kupereka madzi akumwa. Mlendo wina anapempha kulawa za mumphikamo, n'kugwedeza mutu kuti n'zokoma. Madamu analandira madziwo, anamwa, anathokoza, n'kubwerera kugalimoto osamuyang'ana Tiyanjane.

Loweruka lotsatira Tiyanjane anapita yekha, wapansi, osavala za masewera. Anaima kunja kwa mpanda mpaka mpira unatha. Anthu atabalalika, Madamu anamuitanira pabenchi. Sankaoneka okwiya, koma otopa. Anati Tiyanjane akanangonena pa tsiku limene anamufunsa kuti mota yapsa, inali nkhani yaing'ono. Mwambo wa pabwalo unali woti anthu asawavutitse, osati woti awanamize atafunsa okha. Iwo anaima pamaso pa anzawo n'kunenetsa kuti kampaniyo akuidziwa bwino, ndipo tsopano mawu awo apepuka. Komabe msuzi anzawowo aukonda, ndipo atawachonderera avomera kuikamo mpamba, kugula mota, kudzutsa zonse. Koma anena chinthu chimodzi. Sangaike chuma chawo pamalo pamene wokonza chinyengo akadalipo. Ameneyo achoke, asiye gawo lake, asadzapondenso pakampanipo, ndipo dzina lake linenedwe pamaso pa onse.

"Ndine, Madamu," anatero Tiyanjane. "Anakwera galimoto ndine, ananyamula mabotolo ndine, anakhala chete ndine."

"Ndikudziwa, mwanawe. Koma iwo mpambawo akuuika mwa iwe. Ukachoka iwe palibe chotsala. Ndayesetsa, n'pomwe ndalekeza. Akufuna dzina limodzi, ndipo ndilimve Loweruka likudzali. Likapanda kubwera, nkhaniyi yatha."

Potsanzikana anamupatsa malalanje otsala kuti akapatse amayi aja anawapatsa madzi.

Tiyanjane anayenda njira yonse akuganiza zobisa, koma anali atatopa ndi kubisa. Anasonkhanitsa anzake atatu aja m'shedi n'kuwauza zonse monga anazimvera. Ankaopa kuti ayamba kulozana zala. Zimene zinachitika zinamupweteka koposa.

Elube ndiye anayamba. Anati asavutike n'kufufuza, chifukwa galimoto silankhula ndipo botolo lilibe lilime. Bodza lenileni linatuluka m'kamwa mwake, ndipo nzeru yobisa za makina anabwera nayo ndi iye.

"Tchula ine, Tiya. Ndikadali ndi mphamvu, ndikapeza pena."

Koma Tiyanjane ankadziwa kuti mzinda wa Blantyre ndi waung'ono. Wotsatsa malonda amadya ndi dzina lake, ndipo dzinalo likanenedwa pamaso pa anthu aja, palibe sitolo kapena ofesi imene ingamulandire. Ankadziwanso kuti mwamuna wa Elube ananena kale kuti tsiku limene adzabwere chimanjamanja adzangopitirira kwa amake, ana n'kutsala. Ndipo pakanapanda Elube, Madamu akanamudziwira kuti Tiyanjane?

A Zakeyu anati Elube asadzitame ndi mlandu wa eni. Mawu ananenedwa tsiku limodzi, koma chimene chinanamiza anthu miyezi yonse ndi chimene ankaona ndi maso, ndipo palibe anawatuma kukabwereka galimoto. Iwo ndiwo wamkulu pabanja, ndipo dzina lawo linada kale, moti kulithira matope ena sikulisintha.

"Ine manyazi ndinawamwera limodzi ndi kachasu kalekale, achemwali," anatero akuseka, koma palibe anaseka nawo.

Tiyanjane ankadziwa kumene achimwene ake amapita akasowa chodzukira m'mawa. Anakawatolapo kale kumeneko, ndipo kuchipatala ananena kuti chiwindi chawo sichingapirire ulendo wina. Kuwatchula kunali kuwaperekeza pang'onopang'ono. Komanso kuwasiya iwo n'kutaya munthu wapadera, anthu akanati magazi asankha magazi, ndipo mtima wake womwe ukanavomereza.

Anagama anadikira kuti onse athe. Kenaka analowa m'kachipinda kawo n'kutuluka ndi kamtolo komanga kale m'chitenje. Anati ana asakangane. Galimoto inali yobwereka, mawu ndi mphepo, koma iwo anamata dzina la kampani pa chinthu chimene kampani sinapange, n'kuchidyetsa anthu. Ngati pali chinyengo chogwirika ndi manja, ndi chimenecho. Iwo akalamba, ndipo makina akadzuka safuna mthiko.

"Mwana wanga, m'munda amadula mtengo wakale, osati wobala."

Atafunsidwa kumene apite, anati Mulungu adziwa. Tiyanjane ankadziwa kuti kulibe. Munda unapita, mwana wamoyo analibe, ndipo kachipinda kaja ndiko kanali kwawo konse. Ankadziwanso kuti kukoma kumene alendo anagwedezera mutu, kumene kunachititsa kuti khomo lisatsekeretu, kunachokera m'manja omwewo.

Anthu amene sanakanganepo pa njala anakangana tsiku limenelo, aliyense kulimbirana kutayidwa. Elube analanda kamtolo ka Anagama n'kukakhalira. Anagama anati mwanayu alibe ulemu. A Zakeyu anati onse awiri alibe ulemu, poti mwamuna walankhula koma palibe akumva. Tiyanjane atatopa anati basi, satchula aliyense, amire onse pamodzi monga anayambira pamodzi. Apo ndiye onse atatu anamutembenukira. A Zakeyu anafunsa ngati msana wawo unawerama pachabe. Anagama anati iwo sanaphike kuti zithere pamenepa.

"Ukapanda kutchula sunapulumutse aliyense," anatero Elube motsitsa mawu. "Watitaya tonse atatu, iwe wachinayi."

Sabata imeneyo Tiyanjane ankakhala m'shedi kuyang'ana makina. Kumisonkhano kuja ankauzidwa kuti yambitsani, limbani mtima, musaope kugwa. Palibe anamuuza kuti kampani ikamva njala imayamba kudya anthu amene amakukonda, ndipo kuti iwo amadzipereka okha. Anaganiza zochita maere, koma anaona kuti kumeneko n'kubisala kuseri kwa timitengo, poti pakamwa potchula dzinalo pakhalabe pake. Anaganiza zokagwadanso kwa Madamu, koma anakumbukira nkhope yawo yotopa, ya munthu amene wagwada kale m'malo mwake. Anafika polakalaka kuti wina mwa atatuwo amulakwire, amunyoze, amubere kanthu, kuti kusankha kupepuke. Palibe anatero. M'malo mwake ankapeza tiyi wovundikira ndi mbale pamene amakhala. Nsapato yake imene inamatuka anaipeza yosokedwa, a Zakeyu n'kukana kuti sakudziwa kanthu. Elube ankabwera madzulo, osatchula za nkhaniyo, n'kumamuluka tsitsi kuti asakaoneke wosiyidwa. Aliyense ankachita ngati akutsanzika, ndipo aliyense ankabisa zimenezo kwa anzake.

Loweruka linafika monga amafikira masiku onse, osafunsa ngati munthu wakonzeka. Atatu aja anamuperekeza mpaka pasiteji ya minibasi. Aliyense anapeza mpata womukokera pambali n'kumunong'oneza kuti akatchule iyeyo. Tiyanjane anawatsanzika. Anakwera, anatsika, anayenda mtunda wotsalawo, ndipo atafika pachipata anapeza mpira utatha. Pabenchi panali Madamu ndi anzawo oika mpamba, atasiya malo a munthu mmodzi pakati pawo. Madamu anakweza dzanja n'kumukodola.

Ine ndimusiya pamenepo, dzanja lili pachipata. Mlanduwu wandikulira, ndiye ndautula kwa inu. Pali Elube, amene anatsegula njira ndi pakamwa pake n'kuiwononga ndi pakamwa pomwepo. Pali a Zakeyu, amene ananamiza maso a anthu kuti mlongo wawo asanyozeke. Pali Anagama, amene anaphika bodza lokoma, lomwe popanda ilo sipakanakhala chopulumutsa. Palinso kukhala chete, kumene kungasunge manja a Tiyanjane oyera n'kugwetsa onse anayi.

Inuyo mukanakhala Tiyanjane, mukanalowa pachipatapo n'kutchula ndani?